Tabuleti Nayo Imafunda Nsalu

Uthenga unagwa pa gulu lathu la WhatsApp usiku: kuli maphunziro a masiku atatu ku Mponela, ophunzitsa aphunzitsi kugwiritsa ntchito matabuleti m'kalasi. Anthu asanu anayankha kuti "Ameni". Mayi wina anaponyapo chithunzi cha nkhuku zomwe akugulitsa. Kenaka a Deputi anafunsa funso lomwe tonse linkatiyabwa pakhosi: "Nanga ya m'thumba ilipo?" Zitamveka kuti alawansi ilipo, ngakhale achikulire a Sitandade 8, amene amati makina ndi zidole za achinyamata, anayamba kusita jekete.

Tsiku loyamba tinatsegula ndi pemphero, n'kuyamba kudikira mlendo wolemekezeka. Anatulukira nthawi ya tiyi, natiuza kuti dziko lapita patsogolo, choko chatha ntchito. Tinaomba m'manja. Wotiphunzitsa atangolumikiza pulojekita, magetsi anathima. Bamboyo sanatekeseke. Anamata chipepala pakhoma, n'kujambulapo tabuleti.

"Apa pali batani," anatero. "Mukadina, imayaka."

Tonse tinakopera chithunzicho m'makope, ena mpaka kugwiritsa ntchito rula. Tsiku lachitatu tinasaina pepala la alawansi mwaluso losonyeza kuti maphunziro alowa.

Makinawa si nkhambakamwa. Kuyambira mu 2023, pulogalamu ya boma ya BEFIT yakhala ikufikitsa matabuleti otchajidwa ndi mphamvu ya dzuwa kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4, ndipo mkati mwake muli maphunziro a kuwerenga ndi masamu m'Chichewa, opangidwa ndi bungwe la onebillion. Mwana amavala mahedifoni n'kumamvera mphunzitsi wa m'katimo, amene satopa kubwereza, sakalipa, ndiponso sapempha tchuthi cha maliro a azakhali.

Matabuleti athu tinapatsidwa ndi anthu akufuna kwabwino, ndipo a Hedi anawalandira monga alandirira apongozi. Anawatsekera m'kabati, pamwamba n'kufunditsapo kansalu koluka konga kamene amayi amafunditsa wailesi yakanema pabalaza. Kiyi amayenda naye m'thumba la jekete. Kiyi ameneyo wafika ku ukwati ku Ntcheu, wagona pa maliro ku Dedza, koma pa loko wa kabati amangofikapo kukamveka kuti kukubwera alendo. Tsiku limenelo ana ovala yunifolomu yochapa amakhazikidwa kutsogolo, aliyense tabuleti pamiyendo, chithunzi n'kujambulidwa, makina n'kubwerera kukagona.

Musawaweruze msanga a Hedi. Sukulu zitatsekedwa mu Marichi 2020 chifukwa cha Covid-19, iwo analowa msonkhano wa pa Zoom osadziwa kuti maikolofoni ndi yotsegula. Zoni yonse inamva akunenerera mtengo wa usipa pakhomo pawo, mpaka kupempha basera. Chiyambire tsikulo, chilichonse chokhala ndi batani amachiyang'ana ngati njoka yogona.

Tsiku lina kiyi anaiwalika patebulo, ine n'kulimba mtima. Ndinaima pamaso pa ana a Sitandade 4, tabuleti m'manja, ndikudina apa ndi apo. Zii. Ndinaigwedeza. Zii. Ndinaiuzira mpweya ngati mbaula. Pamenepo ndinatulutsa mawu amene amapulumutsa aliyense m'tauni muno, kuyambira wa kubanki mpaka wangongole wosayankha foni.

"Ana inu, netiweki yavuta."

Kamnyamata kena kokhala pafupi ndi zenera, kosavala nsapato, kanakweza mkono.

"Aphunzitsi, imeneyo sifuna netiweki. Batanilo musangoligunda, ligwireni kaye pang'ono."

M'kalasi munangoti chete. Ndinaligwira. Chinthu chija chinawala, n'kundipatsa moni.

"Wakhoza," ndinatero ndi mawu okhuthala. "Ndimafuna ndione ngati mukutsatira. Muombereni m'manja."

Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma sanatiuze chochita ngati wodziwayo ali ndi zaka khumi ndipo dzulo lomweli unamupatsa chibalo chosesa. Choncho tikaweruka ndimamuitana mokweza kuti aliyense amve: "Iwe, dzandinyamulire makope!" Tikalowa mu ofesi ndimatseka chitseko, iye n'kukhala pampando wanga, ine n'kuima pambali ndi kope.

Ndinkayesa kuti ndi chinsinsi changa ndekha. Sabata yatha ndinapeza a Deputi akumuitana kuti awanyamulire makope, m'manja mulibe ngakhale kope limodzi. Dzulo kamnyamatako kanatuluka mu ofesi ya a Hedi kakutafuna chitumbuwa, ndipo kansalu koluka kaja ndinakaona katayanikidwa pawindo.

Mwezi wamawa kuli maphunziro ena ku Salima, a gawo lachiwiri. Mayina apita kale: a Hedi, a Deputi ndi ine. Mphunzitsi wathu atsala, poti malamulo salola kupereka alawansi kwa mwana wa Sitandade 4. Watipempha kuti tikamujambulire nyanja, ngati tikakumbukire podina.