Mlamu Wathawa Kompyuta

Mlamu wanga wasiya ntchito ya makompyuta ku City Centre, ati mtima wake uli pa ukalipentala. Apongozi anangogwira pakamwa: "Fizi yonse ija kuti mwana azikapala matabwa?"

Ndinakamuona ku Kawale. Munthu wa tayi uja lero ali mbuu ndi utuchi mpaka m'nsidze, pensulo pakhutu, akununkhiza thabwa la mlombwa ngati ndiwo. Akuti pulena yamanja sifunsa pasiwedi, ndipo magetsi akazima ilibe nazo ntchito.

Koma chizolowezi n'chovuta. Atadula mwendo wa tebulo mopitirira muyezo, ndinaona zala zikufufuza batani la "Undo" pabenchi. Mlombwa sudziwa zimenezo. Anafupikitsa miyendo inayo, n'kuphonyanso. Tebulo lija pano akudyerapo ana, mlamu akuti anachitira dala.