Minibasi ya a Todd Howard ikudikirabe mmodzi

Pa 10 June 2018, mumzinda wa Los Angeles, bambo Todd Howard a kampani ya Bethesda anaonetsa anthu kakanema ka masekondi 36. Munalibe munthu m'kakanemako, munalibe lupanga, ngakhale nkhuku munalibe. Munali nkhungu, mapiri, gombe la nyanja, kenako dzina: The Elder Scrolls VI. Holo yonse inasokosera. Kuno kwathu unali m'bandakucha, ndipo ine ndinali gone pabedi, foni ili kumaso, bandulo ikutha ngati mchere wobwereka. Ndinagwedeza mayi a kunyumba.

"Mayi a mwana, dzukani, ikubwera!"

"Ikubwera chiyani, mvula? Mu June?"

"Gemu ija."

Anandiyang'ana ndi diso limodzi n'kufunsa kuti ifika liti. Ndinati sananene. Anakoka bulangete n'kunena kuti, "Ndiye mwandidzutsira phiri?"

Mwana amene ankayamwa usiku umenewo pano amatumidwa yekha kuchigayo. Kanema wina wa gemuyo sitinamuonebe. Tikadali ndi phiri lomwe lija.

* * *

Mnzanga wina amene timasewera naye amati a Todd Howard akanabadwira kuno akanakhala kondakitala. Minibasi yalira injini, dalaivala akuisuntha pang'ono kutsogolo, pang'ono kumbuyo, mnyamata ali pakhomo akumenya chitseko: "Watsala mmodzi, tinyamuke!" Iwe wakwera, walipira, wagula ndi dzira lophika. Pakutha ola waona kuti ena amene unawapeza m'katimo akutsika mmodzimmodzi, sanali apaulendo.

Tili m'katimo choncho, minibasi inagulitsidwa. Mu 2020 Microsoft inalengeza kuti ikugula ZeniMax, kampani yomwe ndi mwini wake wa Bethesda, pamtengo wa madola 7.5 biliyoni. Tinati basi, bwana watsopano ali ndi mafuta, tinyamuka. Mu June 2023 a Phil Spencer, mkulu wa Xbox pa nthawiyo, atafunsidwa m'khoti ku America, anati gemuyo idakali kutali, zaka zisanu kapena kupitirira. Mnzangayo anangoti, "Mwamva? Pamafunika woweruza kuti kondakitala aulule kuti dalaivala sanabwere n'komwe."

* * *

Kwa amene simukudziwa chimene akuluakulu a ndevu zawo akulirira: gemu yachisanu ya The Elder Scrolls, Skyrim, inatuluka pa 11 November 2011. Imayamba uli womangidwa manja m'ngolo, akukupititsa kukakudula mutu kumudzi wa Helgen, kenako chinjoka chouluka cholavula moto chotchedwa Alduin chimasokoneza mwambo wonse, iwe n'kuthawa. Kuyambira apo dziko ndi lako. Ufuna ukhale wankhondo, wamatsenga, wakuba, wosula zitsulo kapena wongothyola maluwa m'tchire, zili ndi iwe.

Gemuyo isanatuluke, Bethesda inalonjeza kuti makolo amene mwana wawo adzabadwe pa tsiku limenelo n'kumupatsa dzina la ngwazi ya m'gemumo, Dovahkiin, adzalandira magemu aulere moyo wawo wonse. Banja lina ku America linachitadi zimenezo. Nditawauza mayi anga nkhaniyi, sanadabwe ndi dzinalo, poti kwathu kuli a Mavuto ndi a Tilibekuthawa. Anangofunsa kuti, "Ndiye mphatso ya nambala sikisiyo adzalandira mwanayo kapena mwana wake?"

* * *

Pamene tikudikira, a Bethesda sanatisiye ndi njala. Amatigulitsa Skyrim yomweyo. Mu 2013 inabwera Legendary Edition. Mu 2016 Special Edition. Mu 2017 anaiika pa Nintendo Switch komanso pa magalasi aja ovala kumaso. Mu 2021, itakwanitsa zaka khumi, Anniversary Edition, ndipo chimodzi mwa zimene anawonjezera n'chakuti tsopano ukhoza kuwedza nsomba. Dziko likupsa ndi zinjoka, ngwazi ili pamtsinje ndi mbedza.

Iwo eni amadziseka. Mu 2018 anatulutsa Skyrim yosewera pakamwa pokha, pa kachipangizo kolankhula ka Amazon kotchedwa Alexa. Anthu ankayesa nthabwala, koma inalipodi.

Mlongo wanga amagulitsa kaunjika, ndipo nditamufotokozera zonsezi anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Achimwene, malaya amodzi mwagula kangati?" Ndinati katatu. "Kwa munthu mmodzi?" Ndinati eya. "Amangowasita?" Ndinati nthawi zina amasintha mabatani. Anati ndimupezere nambala ya bamboyo akamuphunzitse bizinesi. Mu 2023 a Howard ananena kuti Skyrim yagulidwa makope oposa 60 miliyoni. Atatu mwa amenewo ndi ine ndekha.

* * *

Mlamu wanga anabwera kudzacheza ndipo ndinamupatsa kuti alaweko. Atangofika pamudzi woyamba, Riverwood, anaona nkhuku ikuyenda pamsewu n'kuitema ndi nkhwangwa, kungoyesa chabe. Aliyense amene anasewerapo Skyrim akudziwa chimene chinatsatira. Wosula zitsulo anasiya ng'anjo yake, amayi anatuluka m'nyumba ndi mipeni, mudzi wonse unamuthamangitsa mpaka kumtsinje.

"Alamu, ndalakwa chiyani? Ndi nkhuku basi!"

Agogo, amene anakhala pampando akusenda mtedza ndipo sanaonetsepo chidwi ndi kompyuta chibadwire, anadzutsa mutu. "Inali yako?"

"Ayi, agogo."

"Ndiye akumenye."

Kuyambira tsiku limenelo agogo amati anthu a ku Riverwood ndi oleredwa bwino. Akamva tikukangana za zimene tikufuna m'gemu yatsopano, iwo pempho lawo ndi limodzi: lamulo la nkhuku lisasinthe.

* * *

Anthu omwewo oteteza nkhuku ali ndi kupusa kwawo. Ukalowa m'sitolo, n'kutola ndowa, n'kumuveka mwini sitolo kumutu, iye amangoima phee. Sakuona, ndiye kwa iye palibe chikuchitika. Umasesa mashelefu onse, tchizi, mapoto, malupanga, iye akukufunira tsiku labwino ali m'ndowa.

Ndinamuonetsa zimenezi mwini okala ya pafupi ndi kwathu, munthu amene amakumbukira ngongole ya machesi ya chaka chatha. Anaonera mpaka kumapeto, manja ali m'chiuno. "Ameneyo ndi wogulitsa?" Ndinati inde. "Ali ndi banja?" Ndinati ena ali nawo. Anapukusa mutu n'kubwerera kuokala kwake. Mawa lake ndinapeza ndowa yake ya madzi waichotsa pakauntala.

* * *

Apa ndi pamene odikira timagawanika. Gulu lina likuti gemu yatsopanoyo ibwere yoyera, yopanda zolakwika. Gulu lina, ndipo ine ndili momwemo, likuopa kuti akaichapa kwambiri ichoka kukoma.

Taganizani. Mu Skyrim chimphona choweta njovu zaubweya chikakumenya ndi chibonga, sumagwa pansi ngati munthu wamba. Umauluka kupita kumwamba mpaka mitengo kuoneka ngati udzu. Hatchi imakwera phiri loongoka ngati khoma, osaterereka. Lydia, mlonda amene mfumu ya ku Whiterun imakupatsa kuti azikuteteza, ntchito imene amaidziwa bwino ndi kuima pakhomo iwe ukufuna kutuluka. Kumapeto kwa 2011, atatulutsa zokonza zina, zinjoka zinayamba kuuluka chobwerera m'mbuyo. Ndipo pakati pa nkhondo, mdani atakweza lupanga, ukhoza kuimitsa zonse, n'kudya tchizi zikuluzikulu khumi ndi kabichi wosaphika, n'kuchira pomwepo. Namwino wina wa kutchalitchi kwathu atamva zimenezi anati akanakhala kuti kabichi amatero, iye akanakhala pa ulova.

Mu 2015, poonetsa Fallout 4, a Howard ananena mawu amene anawakakamira mpaka lero, akuti "it just works", kutanthauza kuti zimangoyenda zokha bwinobwino. Pano hatchi ikaima padenga la nyumba, osewera dziko lonse amangobwereza mawu omwewo.

* * *

Koma okayika ali ndi zifukwa zawo, ndipo si zazing'ono. Mu November 2018 Bethesda inatulutsa Fallout 76 ili ndi mavuto ambirimbiri. Amene analipira madola 200 kugula phukusi lapadera anawalonjeza chikwama cha kanivasi, koma m'bokosi anapezamo cha nayiloni, mpaka kampani inachita kupepesa n'kutumiza chenicheni pambuyo pake. Mu September 2023 kunabwera Starfield, ya m'mlengalenga, yokhala ndi maiko oposa 1,000 oti ukatereko, ndipo ambiri anadandaula kuti ukatera umapeza miyala ndi kanyumba kofanana ndi kamene unakasiya kudziko lina. Chikomekome cha mkuyu.

Nthawi yomweyi anzawo sanagone. The Witcher 3 ya ku Poland inatuluka mu 2015, Elden Ring ya ku Japan mu 2022, Baldur's Gate 3 ya ku Belgium mu 2023. Munthu amene wadya kumaukwati atatu amenewa sabwera kwanu n'kuombera m'manja mpunga wosapsa.

Mkulu wa okayika pagulu lathu ndi mphunzitsi wa masamu. Iyeyo analumbira, dzanja pachifuwa, kuti sadzaperekanso ndalama gemu isanatuluke, ndipo amakonda kukumbutsa anthu za 2006, pamene Bethesda inagulitsa chovala chachitsulo cha hatchi m'gemu yake ya Oblivion pamtengo wa madola awiri ndi theka, dziko lonse n'kuseka. Mu April 2025 Oblivion yomweyo inatulukanso yopakidwa utoto watsopano, ndipo phukusi lake lodula linali ndi zovala zina za hatchi. Loweruka lotsatira tinapita kwa aphunzitsi. Pa sikirini panali hatchi yonyezimira ngati galimoto ya ukwati.

"Aphunzitsi, nanga lumbiro lija?"

"Ndinati sindidzalipira isanatuluke. Iyi inatuluka mu 2006."

* * *

Kakanema ka masekondi 36 kaja kakhala ngati mafupa a sing'anga. Anthu akaimitsa, akakulitsa, ayeza mthunzi wa phiri, afananiza gombe ndi mapu a Tamriel, dziko lopeka limene magemu onsewa amachitikiramo. Ambiri akuti ndi Hammerfell, dera la chipululu la anthu akuda otchedwa Redguard, odziwika ndi lupanga. Ena akuti ndi High Rock. Pa YouTube pali makanema otalika kuposa ulaliki wa pa Isitala ofotokoza masekondi omwewo.

Mphwanga anandiimbira usiku wina kuti wapeza umboni. Pakona ya chithunzi pali kadontho kakuda, ndipo malinga ndi iye ndi ngalawa, kutanthauza kuti m'gemu yatsopano tidzayenda panyanja. Ndinamuuza kuti apukute sikirini. Kunali zii kwa kanthawi, kenako anati, "Ngalawa yachoka."

* * *

Pali mayi wina wa ku America, Shirley Curry, wobadwa mu 1936, amene anatchuka pa YouTube posewera Skyrim, ndipo omutsatira amawatcha zidzukulu zake. Atanena kuti mwina sadzakhalapo pamene gemu yachisanu ndi chimodzi izidzatuluka, osewera zikwizikwi anasaina pempho, ndipo mu 2019 Bethesda inamujambula nkhope mayiyo kuti adzakhale mmodzi wa anthu a m'gemumo. Apa ndiye sindiseka, anachita bwino.

Kungoti nditawauza agogo athu aja a nkhuku, anafunsa kuti mayiwo anali ndi zaka zingati pojambulidwa. Ndinati 82 kapena 83. Anawerenga pa zala n'kunena kuti, "Iwenso pita akakujambuliretu."

* * *

Alonda a m'mizinda ya Skyrim ali ndi dandaulo limodzi lodziwika dziko lonse: aliyense amati kale anali woyendayenda ngati iwe, mpaka muvi unamulasa pabondo. Mu 2011 ndinkaseka ndikamva zimenezi. Mwezi watha ndikukwera masitepe a ku ofesi bondo langa linalira ngati chitseko cha nkhokwe, ndipo palibe anandilasa.

Ndili ndi chitini chimene ndimasungamo ndalama za kompyuta yatsopano, poti yakaleyi sidzaikwanitsa gemu yatsopanoyo. Chatsegulidwa katatu: fizi, feteleza, fizi. Mayi a kunyumba amachitcha thumba la phiri.

Sabata yatha ndinayambanso Skyrim kuchokera m'ngolo muja. Ndinalumbira kuti ulendo uno ndikhala wamatsenga, sindigwira uta. Pofika Lachitatu ndinali nditanyonyomala kuseri kwa mwala, uta uli m'manja, ngati maulendo ena onse. Mwana uja wa kuchigayo anaima kumbuyo kwanga n'kufunsa kuti, "Adadi, nambala sikisi ikadzabwera mudzandibwereka?" Ndinati tidzaona. Amayi ake ali kukhitchini anayankha kuti, "Udzawabwereka ndiwe, ukadzayamba ntchito."

A Todd, ife takhala kale, chenji sitikufunsa, dzira tadya. Ngati watsaladi mmodzi, ndimulipirira ine mpandowo, tiyeni tizipita.