Land Rover ya ku Kanyama yapeza zonse kupatula ulendo

M'komboni iliyonse ya Lusaka muli galimoto yokhala pa miyala imene mwiniwake amalumbira kuti inyamuka mwezi wamawa. Ku Chawama ilipo, ku George ilipo, ku Matero ziliko zingapo, ndipo zina zakhalitsa moti anthu amalondolera nazo alendo njira: mukafika pa minibasi yopanda mateyala mukhotere kumanja. Ya ku Kanyama, chakuseri kwa Los Angeles Road, ndi Land Rover yaitali ya mtundu wa Series III. Mwiniwake ndi mlembi wanu, bambo wa ana, wolipira lendi, munthu amene pa nkhani zina amaoneka wanzeru ndithu.

Anaigula kwa mdala wina wopuma pa ntchito, ndipo mdalayo sananame ngakhale pang'ono. Ananena poyera kuti injini inalira komaliza Kwacha isanadulidwe mazilo atatu aja, kutanthauza kuti chaka cha 2013 chisanafike. Mlembi wanu mawuwo anawamva, koma maso ake anali pa thupi la galimotoyo, limene linalibe dzimbiri ngakhale kadontho. Ndalama ya chilimba inali m'thumba. Alamu ake anabwera ndi chingwe, anyamata a m'njira anakankha, ndipo dzuwa lisanalowe chinthucho chinali chitatseka theka la bwalo la alandilodi.

Mayi a kunyumba anachizungulira kamodzi, manja ali m'chiuno. "Inu bambo, ndalama ija tinati ndi ya firiji. Ichi chiziziritsa madzi?" Bamboyo anayankha mwaulemu kuti firiji siyenda, pamene ichi chidzawatengera ku mwambo wa Kulamba, ku Mkaika, m'boma la Katete, ulendo wa makilomita pafupifupi 500 pa Great East Road. Ndipo sichidzathera pa phula pamene basi imatsitsira anthu. Chidzalowa mpaka kumudzi kwenikweni, n'kubwerako ndi matumba a chimanga ndi mtedza, achibale akuombera m'manja. Mayiwo sanayankhe. Anthu okwatira amadziwa kuti kusayankha kotere si kuvomera.

Thupi lopanda dzimbiri lija ndi msampha umene Land Rover yakolera nawo amuna ambiri. Yoyamba inatuluka mu 1948 ku Solihull, ku England, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha kumene, chitsulo chikugawidwa mopimira. Aluminiyamu ndiye ankapezeka mosavuta, choncho thupi analipanga la aluminiyamu, chitsulo n'kuchisungira chasisi ndi khoma la kutsogolo kwa dalaivala. Anapitiriza choncho mpaka Series III, imene inkapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985. Aluminiyamu sachita dzimbiri lofiira lija, koma chasisi imachita, ndipo poti ndi yamphako mkati imasunga matope ndi madzi n'kumadyeka mwakachetechete kuchokera m'kati. Tsono ikani galimoto yotere ku Kanyama, malo athyathyathya okhala pa mwala, kumene mvula ikagwa madzi sadziwa kolowera ndipo akuluakulu amasimbabe za chigumula cha 1978. Mlembi wanu atakwawira pansi ndi sikuludiraiva kuti agogode chasisi ngati munthu wodziwa, sikuludiraivayo inalowa yonse mpaka chogwirira.

Ndiye anapita ku Kalingalinga. Amene wayendapo pa Alick Nkhata Road amadziwa zimene zili m'mbali mwa msewuwo: mageti atsamira pa makoma, mafelemu a zitseko ndi mawindo, nsanja za mathanki a madzi, mabedi, mbaula, zonse zopakidwa red oxide, gilayinda ikulira kuyambira m'mawa. Ena mwa amisiriwo makina awo owotcherera anadzikulungira okha ndi waya, n'kuwaika m'bokosi la matabwa, ndipo makinawo amagwira ntchito zaka. Munthu asawanyoze anthu amenewa. Nyumba zambiri zokongola za ku Kabulonga ndi Woodlands zimagona mtima uli m'malo chifukwa cha manja awo.

Amisiri amene mlembi wanu anawapeza anali achikulire, olankhula pang'ono. Anabweretsa makina awo ku Kanyama pa kavani, anagona chagada pansi pa galimoto, natulukamo ali ndi dzimbiri m'ndevu. "Bosi, iyi motoka tiyambe na pansi. Vapamwamba ni va last." Bosiyo anavomera ndi mutu, kenako anafunsa mtengo wa bampala yaikulu ya kutsogolo, yonga ija amaiona pa magalimoto a alendo opita ku Mfuwe. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: chasisi aneba saiona.

Anagwirizana pakati. Sabata yoyamba inapita ku chasisi, ndipo pamenepo mlembi wanu anaona ntchito yeniyeni. Amisiri anayamba ndi kuchotsa waya wa batire, ngakhale batireyo inali yakufa kalekale, kenako anamasula thanki ya petulo n'kukaiika kuseri kwa chimbudzi. Thanki yopanda kanthu ndiyo yoopsa koposa, anatero, chifukwa chimaphulika ndi mpweya wa petulo wotsalira mkati. Anadula podyeka ponse ndi gilayinda mpaka pofika chitsulo chowala. Anatenga katoni ya sopo, anaisindikiza pa bowo ndi chala chakuda, anadula chithunzi chake ndi lumo, n'kuchijambula pa pepala la chitsulo ndi choko. Chitsulo cha chasisi imeneyi n'chopyapyala, pafupifupi mamilimita awiri okha, choncho rodi ya 3.2 imene amawotcherera nayo mageti anaiika pambali, natenga ya 2.5, moto atautsitsa. Ankangodonthetsa apa ndi apo kaye, kudikira kuti pazizire, kubwereranso, kuopa kuti chasisi ingapindike ndi kutentha. Akatha ankagogoda chikhokho cha pamwamba ndi kanyundo, pansi pake n'kuoneka mzere wosalala. Ntchito ya mlembi wanu pa zonsezi inali kugwira tochi ndi kugula maheu.

Ndalama ya chasisi inathera chapakati pa galimoto, cha pansi pa mpando. Koma ndalama ya bampala inapezeka, ndipo mpaka lero mayi a kunyumba akufufuzabe kumene inachokera.

Bampalayo inapangidwa ndi mapaipi a madzi okhuthala. Itakhala, galimoto inaoneka ngati ikusowa china pamwamba, ndiye panabwera keriyala ya angle iron yotalika kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Keriyala imafuna makwerero, makwerero anabwera. Kenako alamu anakumbutsa kuti ku Kanyama wailesi ya m'galimoto sigona usiku umodzi, choncho m'mawindo onse munalowa zitsulo zotchinga akuba, kuteteza wailesi imene sinagulidwebe. Amisiri, poti dzanja linazolowera, anamaliza keriyala ndi timikondo tokongoletsa m'mphepete, ndipo pa chitseko chakumbuyo anawotcherera kolowetsa loko. Pomaliza pake panaima paipi yokwera m'mbali mwa galasi, yoti injini izipumira m'mwamba podutsa m'madzi akuya. Injiniyo inali isanapumepo ngakhale pouma. Mwana wa aneba anaima pamsewu n'kufunsa amayi ake chifukwa chake geti la amalume lili ndi mateyala.

Chitsulo chimalemera, ndipo Series III imakhala pa masipuling'i a zitsulo zosanjikiza, osati opota amene Land Rover inayamba kuika mu 1983 pa mtundu wotsatira. Masipuling'i a zaka pafupifupi 50 aja anagona pansi mwaulemu. Amisiri anachenjezanso kuti katundu wolemera pa denga la galimoto yaitali ndi yopapatiza amaigwetsa pa ngodya, ndipo ngodya za ku Manenekela, musanafike pa mlatho wa Luangwa, sizimvera kupepesa. Mlembi wanu analemba chenjezolo mumtima, pafupi ndi chenjezo la chasisi.

Ntchito yambiri inachitika mu 2024, chaka cha chilala, madzi atatsika ku Kariba. Panali miyezi imene malaiti ankazima mpaka maola 21 pa tsiku, n'kubwera anthu ali mtulo. Owotcherera a mu Lusaka yense anasanduka anthu a usiku. Ku Kanyama, malaiti akangoti ng'ani cha m'ma 2 koloko usiku, amayi ankathamangira ayironi, ana mafoni, mlembi wanu ankadzutsa amisiri amene ankagona m'galimoto momwemo. Kuwala kwa buluu kunkalowa m'mawindo a aneba onse. Alandilodi anatuluka atafunda bulangeti, anaunika mita, anaona mayunitsi a mwezi wonse akutsika maso ali penye, ndipo m'mawa mwake lendi inakwera popanda msonkhano.

Lamulungu lina amisiri atapita kutchalitchi, mlembi wanu anaona kuti waphunzira mokwanira pogwira tochi. Pa chitseko cha dalaivala panali kamng'alu kakang'ono. Anatenga rodi ya 6013, anavala magalasi a dzuwa ogula pa City Market, nagunditsa. Zinthu ziwiri anazidziwa tsiku limenelo. Choyamba, aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660 pamene chitsulo chimafuna pafupifupi 1,500, ndipo safiira kaye kuti akuchenjeze, amangogwa. Kamng'alu kaja kanasanduka bowo lolowa chibakera, limene amisiri analitseka Lolemba ndi chigamba ndi marivetsi, osanena mawu. Chachiwiri chinabwera pakati pa usiku, pamene maso anayamba kuyabwa ndi kutuluka misozi ngati muli mchenga. Kuwala kwa moto wowotcherera kumapsereza khungu la diso, ndipo ululu umadikira maola angapo usanafike. Mayi a kunyumba anadula mbatatesi n'kumuika m'maso, monga amachitira ambiri m'komboni, uku akumukumbutsa kuti firiji sinachititsepo munthu khungu. Kutacha anakaima pa mzere wa ku kiliniki atamanga nsalu kumaso. Chigoba chenicheni cha owotcherera n'chotchipa kuposa ulendo umenewo.

Za mabawuti tingonena mwachidule. Angelezi a nthawi imeneyo ankayeza ndi mainchi, ndipo sipanala ya 13 imalowa pa bawuti ya mutu wa theka la inchi mokhala ngati yakwana, kenako imaterereka n'kusalaza mutu wonse. Ena ndi a muyezo wa Whitworth, amene sipanala iliyonse ya alamu inawakana. Mankhwala a m'komboni ndi kuwotcherera nati yatsopano pamutu wosalalawo, ndipo amagwiradi, poti kutentha kumamasulanso dzimbiri. M'mashopu a zipangizo m'tauni, wogulitsa wachinyamata amamvetsera nkhani yonse mwachifundo kenako n'kufunsa ngati bosi akunena Corolla kapena Hilux.

Aphungu nawo sasowa. Aliyense wodutsa, kuyambira kondakitala wa minibasi mpaka mkulu wa mpingo, amalangiza chimodzi: chotsani injini ya 2.25 iyo, ikani ya Toyota ya dizilo. Anthu amachitadi zimenezo, koma pamafunika mbale yolumikizira injini ndi giyabokosi yopimidwa ndi makina, osati ndi katoni ya sopo. Injini yamphamvu imathyolanso mashafti a mateyala akumbuyo, amene pa Series amadziwika kale kuti sachedwa kuduka. Kuonjezera apo, nambala ya injini yolembedwa mu white book iyenera kukasinthidwa ku RTSA, kumenenso galimoto imakayesedwa isanaloledwe pamsewu. Kumeneko amayang'ana mabuleki, nyali, chiwongolero ndi mateyala. Pa mndandanda wawo palibe makwerero. Mabuleki a galimoto ya mlembi wanu amafika pansi osakumana ndi kanthu, ndipo chiwongolero chimatembenuka kagawo ndithu mateyala asanamve uthenga.

Anthu okhawo amene amaiyamikira ndi mtima wonse ndi anyamata ogula zitsulo zakutha, amene amadutsa ndi wilibala ndi sikelo. Zitsulo zimene amatolera zimakathera m'ng'anjo, zina mpaka ku fakitale ya ku Kafue, ndipo iwo amagula pa kilogalamu. Amisiri akangowonjezera kanthu, anyamatawo amakwezanso mtengo. Mlembi wanu amanyadira kuti ali ndi galimoto imene mtengo wake ukukwera mwezi ndi mwezi, chinthu chimene eni ma Land Cruiser atsopano sanganene.

Pakadali pano galimotoyo yayamba kubweza ndalama, ngakhale si mwa njira imene inalonjezedwa. Mayi a kunyumba anaona kuti m'Kanyama monse mulibe chipinda chotetezeka kuposa icho, ndiye amasungamo matumba a makala amene amagulitsa, loko ali kumbuyo, kiyi ali pa chitenje chawo. Pa keriyala amayanikapo mfutso, kumene mbuzi sizifika. Mwini galimoto akafuna kukhala pa mpando wa dalaivala kuti ayeseko ndodo ya mutu wofiira ndi ya mutu wachikasu zija, zolumikizira mateyala onse anayi, amayamba wapempha chilolezo.

Choncho awerengi amene muli ndi pampu ya mabuleki ya Series III, kapena sipanala za mainchi zimene agogo anasiya m'sutikesi, musazipereke kwa anyamata a wilibala, mufunse ku Kanyama nyumba ya geti la mateyala. Achibale a ku Katete, August uno dikirani pa siteji ya basi monga mwa nthawi zonse. Matikiti a ku Intercity mayi agula kale, ndi ndalama ya makala.