Ulemu Upite kwa a Mantha a ku Chintheche

Wochokera ku Chintheche sasowa chotamanda. Wina amatamanda mchenga woyera, wina dzuwa lotulukira kutsidya ku Mozambique, wina kondowole wa batala amene anamusiya akunyambita zala. Koma sindinamvepo munthu akuthokoza mkulu wina amene amagwira ntchito pagombe limeneli usana ndi usiku osalandira ngakhale tambala. Ndikunena a Mantha. Anthu amawanyoza, amawabisa kwa anzawo, ena amachita kulipira madola kuti awapirikitse. Lero ndiwalankhulira ine, poti ng'oma yawo ilibe woiimba.

Tayambani mwaona kudzichepetsa kwawo. Alendo amatsika m'zimagalimoto zija zodutsa pamsewu wa M5 paulendo wochokera ku Nairobi kupita ku Cape Town, n'kukhoma matenti ku Kande, kumwera pang'ono kwa Chintheche. Aliyense ali ndi pasipoti yodindidwa, a Mantha okha ndiwo adutsa pachipata cha Songwe opanda chitupa. Njira yonse amakhala duu, salimbirana mpando wa pawindo. Amadikira tsiku limene mlendo walembetsa maphunziro a scuba, kumira pansi pa nyanja thanki ya mpweya ili kumsana. Akamamumanga lamba wa zitsulo m'chiuno m'pamene mkuluyu amatsokomola pang'ono: "Pepani bwana, kodi mwaona kuti anthuwa akukumangirirani zitsulo, ndipo akupita nanu pakati pa nyanja?" Funso lanzeru kuposa limeneli ndilibe. Kwathu ku Dedza munthu womangirira mnzake chitsulo n'kumugwetsera m'madzi amagona kupolisi. Kuno amalandira ndalama, ndi zikomo pamwamba.

Masamu nawonso amawatha. Mphunzitsi, mnyamata wa konkuno amene anayamba kusambira asanadziwe kuvala nsapato, amalimbitsa mlendo mtima: "Musaope, ada, lero sitipitirira mamita 12. Ngakhale mudzalandire satifiketi yoyamba ya PADI, malire anu adzakhala mamita 18 basi." A Mantha amavomera ndi mutu, kenaka n'kunong'oneza kuti nyanjayi pakuya pake penipeni imafika mamita pafupifupi 700, ndipo malo akuyawo ali kumpoto konkuno. Amaonjeza kuti ukatsika kupitirira mamita ngati 250 madzi alibe mpweya, moti ngakhale nsomba sizikhalako. "Ndiye mukachotsa 18 pa 700, otsalawo akudikira ndani?" Zoona zake n'zakuti pozungulira kachilumba ka Kande mchenga ndi miyala zili pafupi, munthu amatha kugwada pansi n'kumaona dzuwa pamwamba. Koma tisawadzudzule akuluwa chifukwa chokonda manambala aakulu. Andale athu amawakondanso, ndipo timawaombera m'manja.

Kumene ndimawavulira chipewa kwenikweni n'kumakutu. Ukangotsika mamita awiri kapena atatu, madzi amayamba kukanikiza m'makutu, ululu wake wobaya. Mankhwala ake ngapafupi: kutsina mphuno n'kupemerera pang'onopang'ono pakamwa pali potseka, mpaka khutu litati thu. Munthu wolimba mtima, uja amati mwamuna salira, amapirira n'kumatsikabe, ndipo ndiye amene amaboola khutu. Wophunzira wa a Mantha amatsika atagwira chingwe ndi manja onse, kuima pa mkono uliwonse, kutsina mphuno, kumeza malovu, kuyang'ana mphunzitsi ndi maso ofunsa. Amafika pansi mochedwa, inde, koma madzulo akumva bwinobwino anzake akamamujeda.

Za malovu ndinenepo pang'ono, poti a Mantha sasankha nkhope. Kuti magalasi osambirira asachite nthunzi, umalavulira m'kati mwake, kupaka ndi chala, n'kutsukuluza ndi madzi pang'ono. Ndinaonapo mayi wina wa ku Ulaya, wooneka kuti kwawo salola ngakhale kutsokomola pagulu, atanyansidwa ndi malangizowa. Mphunzitsi anangoti, "Chabwino mayi, koma pansipo simuona kanthu." Mawu oti simuona kanthu asanathe, mayiyo anali atalavula kale kawiri, mwaluso ndithu. Ulemu wa zaka zambiri unathera pomwepo m'bwato, ndipo anauthetsa ndi a Mantha, mwakachetechete.

Tsono pali mlandu umene amawasenzetsa, pamene wopalamula ndi mphwawo, Phuma. Awiriwa anthu amawasokoneza chifukwa amafanana nkhope. Madzi akalowa m'magalasi n'kufika m'mphuno, Phuma ndiye amakuwa kuti thawira kumwamba, tseka pakamwa, usapume. A Mantha amamugwira dzanja, chifukwa iwo anamvetsera m'kalasi, mwinanso okhawo. Amadziwa kuti pa mamita 10 madzi amapanikiza thupi kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi pamtunda, kotero mpweya umene wakoka kumeneko umafufuma kawiri ukafika pamwamba. Wokwera mothamanga atagwira mpweya m'chifuwa amachitira mapapo ake zimene mwana amachitira chubu cha njinga akamapopa osaleka. N'chifukwa chake lamulo loyamba la scuba ndi kupuma nthawi zonse, kukwera pang'onopang'ono, ndi kuima mphindi zitatu pa mamita asanu usanatuluke. Madzi a m'magalasi aja amachoka mosavuta: kugwira magalasi pamphumi, kukweza nkhope, kutulutsa mpweya m'mphuno. Amene amayeseza zimenezi mobwerezabwereza m'madzi ofika m'chiuno mpaka mphunzitsi kutopa naye ndi wamantha. Wolimba mtima anayesa kamodzi n'kunena kuti wadziwa.

N'chimodzimodzi ndi zizindikiro za manja. Pansi pa madzi, kuimika chala chamanthu kumatanthauza kuti tikwere. Kunena kuti zonse zili bwino ndi kupanga kamkombero ndi zala ziwiri. Mlendo wosangalala amaona nsomba zokongola, n'kuimikira mphunzitsi chala monga amachitira pojambulitsa, ndipo ulendo wake umathera pomwepo. Wamantha salakwitsa chizindikiro chokwerera. Anachiloweza choyambirira, anagona akuchiyeseza. Geji ya mpweya amaiyang'ana pafupipafupi, kuchokera pa 200 pomwe anayambira, ndipo muvi ukamayandikira 50 amakhala atamukoka kale mphunzitsi chipsepse.

Ngakhale pamtunda samusiya munthu. Nyanja yathuyi ili pamwamba, mamita oposa 450 kuchokera pa nyanja zamchere, ndipo Mzuzu ili pamwamba koposa, kupitirira mamita 1,200. Mpweya wina umene umalowerera m'magazi munthu ali pansi pa madzi umafuna nthawi kuti utuluke, ndipo wothamangira kumapiri kapena kukwera ndege tsiku lomwelo amauputa. A Mantha amati gona konkuno, Mzuzu sisamuka. Eni malo ogona alendo akanakhala oyamika akanawapatsa kangachepe.

Sindikana kuti nthawi zina amakokomeza. Chipika chilichonse choyandama kwa iwo ndi ng'ona, chikhalirecho ng'ona zimakonda mabango ndi mathiriro a mitsinje. Anafunsapo za shaki m'nyanja yopanda mchere. Koma musanawaseke, kachezeni ndi asodzi achitonga amene amapita usiku ndi nyali kukakola usipa. Amene wamera imvi pantchitoyi ndi uja amadziwa kukokera bwato pamtunda mwera ukayamba kuomba. Nyanjayi inameza sitima ya Vipya pa 30 Julayi 1946, kumpoto kufupi ndi Chitimba, pamodzi ndi anthu 145. Sitima yachitsulo, yatsopano. Amene anakulira m'mbali mwa madzi amenewa sachita manyazi kunena kuti lero ayi.

Ntchito yawo yaikulu ndaisungira kuno, ndipo ndi yomwe alendo amaolokera nyanja zamchere kudzaona osadziwa mwini wake. Mukagwada pamchenga paja, maondo akunjenjemera, osayerekeza kugwedeza dzanja, nsomba zimayamba kukuyandikirani. Mbuna zabuluu, zachikasu, zamizeremizere, zikudya ndere pamiyala. Yang'anitsitsani nsomba ina yotupa kukhosi. Imeneyo ndi mayi, ndipo m'kamwa mwake muli ana. Ikaona kuti kuli bata imawalavula, tinsomba tating'onoting'ono n'kumayandama pafupi ndi mlomo wake. Mukangosuntha, tonse timathamangira m'kamwa muja, kamwa n'kutsekeka. Sukulu ya mkaka ya a Mantha imeneyo, ndipo palibe mwana amajomba.

Akatswiri a nsomba amati m'nyanja ya Malawi muli mitundu ya nsomba yochuluka kuposa m'nyanja ina iliyonse yamadzi opanda mchere, mazanamazana, ndipo yambiri sipezeka kwina kulikonse padziko. Chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti mbuna sizikonda kuchoka pamiyala pomwe zinabadwira. Kudutsa mchenga wapululu kapena madzi akuya, kumene mcheni ndi kampango zimasaka, mbuna imakana. Motero za pachilumba ichi zimakwatirana zokhazokha, za pamwala uko nazonso zokhazokha, ndipo pakupita kwa mibadwo gulu lililonse linatenga mtundu ndi maonekedwe akeake. Mbuna zikanakhala zolimba mtima, zomangoyendayenda, bwenzi zambiri zitasakanikirana n'kufanana. Mu 1984 bungwe la UNESCO linaika Lake Malawi National Park, ya ku Cape Maclear, pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse, makamaka chifukwa cha nsomba zimenezi. Fufuzani m'zikalata zake muone ngati a Mantha anatchulidwamo.

Maphunziro akatha, mlendo amalandira khadi lake, n'kujambulitsa atanyamula zipsepse, n'kulemba pa Facebook kuti wagonjetsa mantha ku Africa. Anzake kwawo amamuyamikira. Mkulu amene anamutsinitsa mphuno, kumuwerengera geji ndi kumuletsa kuthawira kumwamba satchulidwa, koma ngati mdani wogonja. Ine zimandipweteka, eni ake ayi. Amadziwa kuti ambiri mwa alendowa akulowera ku Victoria Falls, kumene munthu amamangidwa chingwe m'miyendo n'kudumpha mamita 111 kuchokera pamlatho, ndipo dzina lawo analembetsa kale.