Nkhuyu zagolide za pa WhatsApp

Akuluakulu amene anati "chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere" sanalandirepo khadi la ukwati pa WhatsApp, komabe analosera. Khadi la masiku ano limafika lili waliwali, golide m'mbali monse, mayina a eni ukwati atayanga ngati dzungu la pachulu. Mchira wa C wakafika kwa mkwatibwi, mwendo wa y wakola tsiku la ukwati. Mkwati akakhala Chimwemwe ndiye pepani: m, w ndi m winayo agwirana manja, azakhali avala magalasi, avula, aitana mdzukulu. Wosindikiza akatengeka n'kulemba dzina lonse m'zilembo zikuluzikulu, ngakhale mayi womubala amafunsa kuti akukwatira ndani.

Zilembozi zili ndi mayina olemera. Pali Edwardian Script, ya Ed Benguiat wa ku New York, imene anyamata osindikiza makadi amaipeza mu Microsoft Word. Pali Snell Roundhand, imene Matthew Carter anakonza mu 1966 potsanzira dzanja la Charles Snell, mphunzitsi wa kalembedwe ku London chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700. Tikaziona timaganiza za mafumu, pamene ophunzira a Snell ambiri ankakonzekera kukakhala alembi a amalonda. Buku la The Universal Penman, limene George Bickham anayamba kulitulutsa mu 1733 atazokota masamba ake pamkuwa, lili ndi zitsanzo za malisiti ndi makalata a zamalonda. Kalembedwe kathu kachikondi aka kanakulira pa ntchito yolondola ndalama za eni.

Ntchitoyo sikanaiiwale, kangogawana ndi anzake. Tsikirani m'munsi mwa khadi, kumene kuli nyerere. Khadi limodzi, munthu mmodzi. Ana timawakonda, koma atsale kunyumba. Azimayi avale zobiriwira, nsalu ikupezeka kwa amayi a komiti, mtengo wake uwu. Zonsezi zili m'zilembo zowongoka zoti n'kuwerenga uli panjinga ya kabaza.

(Satifiketi ya maphunziro a masiku awiri ku Mangochi nayonso ndi nkhuyu. Dzina limapindika mwaulemu kuposa la pa digiri, koma mukafunsa mwini wake zimene anaphunzira, akumbukira chambo ndi alawansi.)

Chimene sindinaonepo n'chimodzi: nambala ya Airtel Money kapena ya Mpamba yolembedwa mu Edwardian Script. Tsiku likhoza kupiringizika, 11 n'kuoneka ngati 17, dzina la tchalitchi n'kubisala kuseri kwa duwa. Koma nambala ija imaima chilili, yakuda bii, dzina la msungichuma lili pambali kuti musakayike potumiza. Komiti inawerengera kale. Mlendo akasochera holo, nkhuku yake adya wina ndipo palibe adandaule. Koma ndalama ya perekaniperekani ikalowa m'foni ya munthu wosamudziwa ku Karonga, msonkhano wadzidzidzi ukhalapo usiku womwewo, ndipo wosindikiza aitanidwa.