Ndinakagula umphawi m'madola

Zonsezi anayambitsa ndi aneba. Chaka chatha anatenga banja lawo kupita kunyanja, ndipo kwa masabata awiri foni ya mayi a kwathu inkangosanza zithunzi pa WhatsApp: aneba ali m'madzi, aneba akunyemula chambo, aneba avala magalasi akuda ngati munthu wothawa ngongole. Mayi a kwathu sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwino. Ankangondisonyeza chithunzi chilichonse n'kunena motsitsa mawu kuti, "Taonani, abambo, amuna a anzathu."

Ndiye chaka chino sukulu zitangotsekera kumapeto kwa Julaye, ndinaima pabalaza ku Area 25, manja m'thumba, n'kulengeza kuti ife tikupita kumapiri. Kunyanja amapita aliyense, ngakhale kwaya ya kutchalitchi. Anthu ozindikira amapita kumapiri. Ndinali nditapeza pa intaneti loji ina m'mapiri a ku Dedza. Dzina lake ndisunga, pakuti anthuwo sanandilakwire kanthu. Wolakwa ndi amene akulemba pano. Mtengo unalembedwa m'madola, ndipo nditausandutsa makwacha, usiku umodzi unafanana ndi matumba awiri a feteleza. Ndinalipira mausiku atatu. Ndalamazo zinachokera kwa mkulu wina wa katapila kuntchito kwathu, amene anandipatsa akumwetulira ngati fisi woitanidwa kukhola.

Apa ndiulule kanthu. Ine kwathu ndi ku Lobi. Ndinakulira pa mbatata ya kachewere, kabichi ndi anyezi, kudimba m'mamawa chisanu chikudula zala. Ndinavutika ndi sukulu ndi cholinga chimodzi chokha: kuthawa nyumba ya udzu, mdima ndi utsi wa nkhuni.

Tinanyamuka pa Sienta yobwereka kwa alamu. Tinadutsa Nathenje, Kamphata, Chimbiya, ana akuimba, ine ndikuwerengera mafuta mumtima. Titafika pa Linthipe, pamene msewu wa ku Lobi umapatukira, mayi a kwathu anati, "Abambo, sitikawaona kaye amayi?" Ndinayankha ngati munthu wophunzira kuti holide ndi holide, kumudzi ndi kumudzi, zinthu ziwirizi sasakaniza. Chenicheni n'chakuti m'galimotomo munalibe ngakhale paketi ya shuga, ndipo ku Lobi munthu wa m'tauni safika chimanjamanja.

Pa loji anatilandira bwino kwambiri. Mnyamata wovala yunifomu anatitsogolera ku kanyumba kathu. Ndinaima pakhomo kukamwa kuli yasa. Kanali kozungulira, kofolera ndi udzu, makoma ozira ndi dothi. Kusiyana kwake ndi kuka kwa agogo anga kunali bedi ndi loko basi. Ndinafunsa pamene pali switchi ya magetsi. Mnyamatayo anandipatsa makandulo awiri ndi kanyali ka sola, n'kufotokoza kuti kumeneko amafuna mlendo amve kukoma kwa chilengedwe. Ine, amene ndinalemba mayeso a Sitandade 8 mphuno zitada ndi mwaye wa koloboyi, ndinagwedeza mutu n'kuti, "Zabwino kwambiri."

Madzi osamba otentha analipo, ndisaname. Kuseri kunali mgolo, pansi pake mlonda akusonkha nkhuni. Ntchito imeneyo ndinkaigwira ine kwathu ndili ndi zaka 9, ndipo malipiro ake anali khofi ndikazimitsa moto.

Za kuzizira ndisachulutse gaga. Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, phiri lake limafika mamita 2,198, ndipo mu Julaye mphepo ya kumeneko imalowa m'mafupa osaodira. Ine ndinkadziwa zimenezi kuposa aliyense, koma ndinanyamula kabudula ndi malaya a maluwamaluwa, chifukwa ndi zimene aneba anavala pa holide yawo. Usiku wonse ndinagona nditafunda chitenje cha mayi a kwathu, cholembedwa za msonkhano wa amayi a Mvano.

Chakudya chamadzulo chinabwera m'mbale yaikulu ngati lichero, pakati pake timbatata titatu tosasenda, kantchafu ka nkhuku ndi masamba obiriwira okhala ndi dzina lalitali lachingerezi. Ndinalawa masambawo. Anali bonongwe. Bonongwe weniweni womera pa khola la ng'ombe, amene kwathu timadya ndiwo zikasowa. Ndinaitana woperekera zakudya n'kufunsa kumene amagula mbatata. Anayankha monyadira kuti zonse n'zam'deralo, amaoda kwa alimi a ku Lobi. Ndinatiyang'anitsitsa timbatatato. Tina tinkaoneka ngati tandizindikira. Kunena zoona, masamba a ku Lobi si ocheza: Ajapani ongodzipereka anakhala kumeneko zaka zingapo akuphunzitsa alimi ulimi wa masamba ndi zipatso. Koma palibe Mjapani anatiuza kuti mbatata ya amayi ako ikangokwera phiri n'kulowa m'mbale yoyera, zitatu zokha zimagula ndowa yonse ya pamsika wa Thete.

Mwana wathu wamng'ono anamaliza mbale yake n'kufunsa mokweza kuti nsima ibwera nthawi yanji. Azungu a patebulo lina anamwetulira. Ine ndinamuponda phazi.

M'mawa mwake inali nthawi ya zochitika, pakuti malowo amanyadira kuti mlendo sakhala chete: kukwera phiri, kupalasa njinga m'nkhalango, kuona mbalame, kuponya mivi. Chilichonse chili ndi mtengo wake. Anatipatsa wotiperekeza, bambo wa msinkhu wanga, wovala chipewa cha khaki. Ndinayamba kumuyankhula chingerezi cha m'mphuno kuti ana aone kuti bambo wawo si munthu wamba. Iye ankangoti "inde bwana, inde bwana," koma akundiyang'ana cham'mbali. Titayenda pang'ono anaima chilili.

"Pepani bwana. Kodi si iwe Kachewere?"

Dziko linandizungulira. Dzina limeneli ndinalikwirira zaka 30 zapitazo. Linabwera tsiku limene ndinaba mbatata yowotcha paphulusa n'kuibisa m'thumba la kabudula ikadali yamoto, ndipo sukulu yonse inandiona ndikuvina popanda ng'oma. Wotiperekezayo anali mnzanga amene tinkaweta naye mbuzi. Anafotokoza nkhani yonse kwa ana anga, osasiyako ngakhale chibowo cha kabudulayo. Mpaka lero m'nyumba mwanga mukaphikidwa mbatata ana amayang'anana.

Tinapita kukaona mbalame pamodzi ndi azungu aja. Iwo ali ndi magalasi oonera patali ndi buku, akunong'onezana, kulemba dzina la mbalame iliyonse. Ine ndimazidziwa mbalame zimenezo mwa njira ina. Pumbwa, njiwa, timba, zonsezo ndinaziphunzira ndi legeni, ndipo ndingakuuzeni yonona ndi iti. Mayi wina wachizungu ataloza kambalame n'kuti n'kokongola, pakamwa panga panatuluka mawu akuti "koma kalibe mnofu." Mwamwayi ndinanena m'Chichewa. Mnzanga uja anatsokomola kwa nthawi yaitali.

Kenako tinakwera galimoto kupita ku Mphunzi kukaona zojambula za pamiyala. Apa ndiye ndinachita manyazi amtundu wina. M'mapanga ngati amenewo ife tinkausamo mvula ndi mbuzi, ndipo zojambulazo tinkaziona ngati mmene munthu amaonera chulu. Lero mnzanga akufotokoza bwinobwino kuti dera la Chongoni lili ndi malo 127 a zojambula zotere, kuti bungwe la UNESCO linaliika m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006, kuti zofiirazo anajambula ndi Akafula, alenje amene makolo athu anawapeza m'mapiriwa, ndipo zoyerazo anajambula ndi Achewa ndi dothi loyera, zina za chinamwali cha atsikana, zina za Nyau monga za ku Namzeze. Munthu amene ndinkamuposa masamu akundiphunzitsa za kwathu, ine n'kulipira.

Mwana wathu wamkazi analoza chojambula choyera chotambasula miyendo ngati buluzi n'kufunsa tanthauzo lake. Ndinakonza kukhosi kuti ndiyankhe monga mutu wa banja. Mayi a kwathu, amene anavinidwa bwinobwino kwawo, anandigwira mkono. "Abambo, zimenezo si zanu." Anamwetulira kumwetulira kumene sindinakuonepo m'zaka 16 za ukwati, ndipo mpaka pano sanandiuze.

Chimene chinandimaliza ndi phiri. Ndinauza ana kuti ine ndili mnyamata ndinkakwera mapiri amenewa kawiri pa tsiku, mtolo wa nkhuni uli pamutu, zomwe n'zoona. Chimene ndinaiwala n'chakuti pakati pa mnyamata ujayo ndi ine pali zaka 20 za pampando wa muofesi ndi tchipisi cha pachiwaya. Tisanafike n'pakati pomwe, mtima unayamba kugunda m'makutu, miyendo inasanduka phala. Ndinakhala pamwala n'kulengeza kuti ndikusirira chilengedwe. Ana anapitirira. Azungu okalamba, ndodo ziwiriziwiri m'manja, anapitirira. Ndili chikhalire, kunatsika mayi wina, mwana kumbuyo, mtolo wa nkhuni wotalika ngati Sienta ya alamu pamutu, akutafuna nzimbe. Anandipatsa moni, n'kudutsa, n'kubwereranso.

"Kodi si ana a kwa anaPhiri awa? Mwabwera liti? Amayi akudziwa?"

Pa loji paja netiweki inkapezeka pamwamba pa chulu chimodzi chokha, foni utaikweza m'mwamba ngati ukulumbira kukhoti. Koma uthenga wa mayi ameneyu unafika ku Lobi dzuwa lisanapendeke.

M'mawa wa tsiku lachitatu, ndikumwa tiyi wa masamba onunkhira ngati mankhwala a chifuwa, ndinamva njinga yamoto ya kabaza pageti. Anatsika amayi anga, duku lili nga, kathumba ka mbatata m'manja. Anapatsana moni ndi apongozi awo mwaulemu wonse, ananyamula adzukulu, ine osandiyang'ana. Kenako anati, "Abwana, tationetsani kumene mukugona." Amayi akanditchula kuti abwana ndimadziwa kuti mlandu wafika kwa agulupu.

Analowa m'kanyumba kaja. Anayang'ana denga nthawi yaitali n'kunena kuti wofolerayo ndi waulesi, udzu sanaupanikize. Anapala khoma ndi chikhadabo n'kuti dothi lake n'lamchenga. Anaona kandulo. Anasuzumira kuseri n'kuona mgolo uja. Ndiyeno anafunsa funso limene ndinkaliopa.

"Ndiye amakupatsani zingati kuti mugone muno?"

Ndinati, "Amayi, timalipira ndife, koma ndi pang'ono chabe." Mwana wanga woyamba, amene ndimamulipirira sukulu yapulaiveti kuti azidziwa masamu, anatchula mtengo wonse, kuchulukitsa ndi mausiku atatu, n'kuwonjezerapo za mbalame.

Amayi anakhala pansi pakhonde, nakonza chitenje. Sanakweze mawu. Anangoti denga la nyumba yawo lakhala likudontha kuyambira dzinja lapitalo, ndipo mwana wawo anawauza pafoni kuti zinthu zathina m'tauni. Anati sanadziwe kuti mwana wawoyo amakonda udzu chotere. Akanadziwa bwenzi atamusungira khola la mbuzi, pakuti nalonso lilibe magetsi.

Usiku wachitatu, umene ndinali nditalipira kale, tinakagona ku Lobi. Mayi a kwathu anapempha kuti tikadutse ku Dedza Pottery, kumene akhala akuumba makapu ndi mbale kuyambira 1987, akagule kakapu kosonyeza aneba. Ndinawaonetsa muvi wa mafuta, nkhani inathera pomwepo.

Kumudzi ana anadya nsima mpaka kugona chagada. Anawotcha mbatata paphulusa, asuweni awo anawatenga kukakumba mbewa, anaona nyenyezi zomwe zija za ku loji popanda risiti. Wamng'ono uja anandifunsa chifukwa chake tinayamba tapita ku nyumba ya agogo yabodza pamene yeniyeni inali pafupi. Ndinamuuza kuti akagone.

Zithunzi tinajambula zambiri, ndipo mayi a kwathu anaziika pa WhatsApp. Aneba anayankha pansi pa chithunzi cha kanyumba ka madola kaja kuti, "Mwachita bwino kukawaona agogo kumudzi."

Pano mkulu wa katapila amandipatsa moni kawiri pa tsiku, ndipo ndawalonjeza amayi malata 24 mvula isanagwe. Choncho inu a m'tauni amene mukufuna mpweya wabwino, mdima weniweni, madzi a pankhuni ndi bonongwe, musavutike ndi intaneti. Nyumba ya udzu ya amayi anga ku Lobi ilipo mpaka Okutobala, malata asanafike. Mukatenge shuga, sopo ndi juzi, ndipo ndalama ya chipinda muzipereka kwa ine.