Mwala wa Alamu Wadwala

Anzawo akapita ku Joni amatumiza njinga yamoto kapena malata. Achimwene anga anatumiza mwala. Mwala weniweni, woyera mbee, wosalala ngati galasi, dzina lake marble. Tsiku lomwe unatsika pa lole pa Nselema, m'mbali mwa msewu wa Bakili Muluzi, anyamata anayi anaunyamula mwaulemu ngati bokosi la mfumu. Anganga anangogwira pakamwa. "Mapiri onsewa a ku Machinga, mwana wanga n'kukagula mwala ku Johannesburg?" Ine ndinawonjezera kuti ku Chenkumbi, ku Balaka konkuno, abale ake a mwalawu amawaphwanya n'kuwawotcha kuti pakhale laimu. Alamu anandiyang'ana diso limodzi, ndipo ndinakumbukira kuti ndimadya kwawo.

Mwalawo unakhala tebulo la pabalaza, tebulo losadyerapo. Ife timadyera pamkeka, tikuliyang'ana.

Tsoka linabwera pa Idi. Mlendo wina wolemekezeka, amene sungamuuze kuti "apo ayi," anaika mandasi awiri otentha pamwalapo kuti ayambe wasamba m'manja. Pofika madzulo panali banga lakuda, lotalika ngati nyanja ya Chiuta pa mapu a kusukulu.

M'mawa mwake anthu anayamba kubwera kudzazonda. Munthu akagona ndi malungo kuno amawonedwa mawa, koma mwala wa ku Joni ukadwala khomo limadzaza. Amavula nsapato, n'kukhala pansi, n'kupukusa mutu. "Tamva zomwe zaonekazi. Pepani, Abiti." Kenako aliyense amasanduka dokotala.

Oyamba anali mayi a kuseri kwathu, ndimu lili kale kumanja. "Iiih, asisi, zazing'ono izi. Ndimu amachotsa fungo la usipa, nanga kabanga aka?" Anafinya, natikita. Banga silinasunthe. Pambali pake panabadwa linzake, lotuwa ngati chikanga, poti madzi owawasa amadya marble. Achiwiri anabwera ndi phulusa ndi mchenga, mankhwala a poto wamwaye, nasiya mikwingwirima. Achitatu anati tisakanize Jik ndi viniga. Achinayi sanabwere ndi kanthu, anangotsitsa mawu: "Mafuta enieni amenewa? Anthu pano sakondwa mnzawo akatukuka."

Amene anatipulumutsa ku Jik ndi viniga ndi aphunzitsi a sayansi omwe amachita lendi moyandikana nafe. Anati ziwirizo zikakumana zimatulutsa mpweya woti ungatigoneke tonse kuchipatala, mwala n'kutsala wokha pabalaza. Anafotokoza kuti mwala uli ndi timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo mafuta analowa mkati, choncho kukwecha pamwamba n'kudzivutitsa. Mankhwala ake ndi soda. Mumusakanize ndi madzi pang'ono akhale ngati phala lolimba, mumate pabangapo, muphimbe ndi pulasitiki, mudikire tsiku limodzi kapena awiri. Phalalo likamauma limayamwa mafuta. Likakana, mubwerezenso.

"Soda wake uti, aphunzitsi?"

"Yemweyu wa thelere, mayi."

Alamu anakhumudwa kuposa tsiku la mandasi. Mwala wodutsa malire a mayiko, wolipiridwa msonkho, n'kuuchiza ndi kapepala ka soda ka pa okala? Akanati mankhwalawo akagulidwe ku Blantyre, bwenzi ataitana kabaza nthawi yomweyo.

Lachisanu achimwene anaimba pa WhatsApp. Anafunsa za anganga mwachidule, za ana mwachidule, kenako, "Tandionetsani tebulo." Alamu anazungulira nayo foni mwaluso ngati wojambula pa ukwati, mwana wamng'ono atamukhazika pabanga penipeni, yemweyo amene kale ankakalipiridwa akangoloza mwalawo ndi chala.

Usiku womwewo, zitseko zitatsekedwa, ndinamva supuni ikulira m'kambale. Sindinafunse. Patapita masiku awiri nyanja ya Chiuta inali itaphwa. Chikanga cha ndimu ndi mikwingwirima ija n'zimene zinatsala, ndipo aphunzitsi anati izo zimafuna mmisiri wa makina opukutira miyala. Alamu anayalapo kansalu koluka, pamwamba pake botolo la maluwa apulasitiki.

Dzulo mayi a kuseri aja anabwera kudzapempha moto. Anasuntha maluwawo, natukula kansalu, nayang'anitsitsa ntchito ya manja awo.

"Mwaona, asisi? Lija lamafuta linachoka. Ili latsalali ndimu anachepa. Ndibweretse awiri mawa?"